Toyota Mirai: galimoto yabwino yopanda pomwetsera ku Blantyre

Oitanitsa magalimoto akale kuchokera ku Japan mwina mwaionapo Toyota Mirai pa intaneti, mtengo wake wokopa. Musathamangire kulipira.

Toyota inayamba kugulitsa Mirai mu Disembala 2014, ndipo mtundu wachiwiri unatuluka mu 2020. Imayendera magetsi, koma imadzipangira yokha. M'malo mwa petulo imamwa mpweya wa hayidrojeni, yemwe amachoka m'matanki n'kulowa mu fuel cell stack (mulu wa maselo opanga magetsi), momwe platinamu amathandiza kuti aphatikizane ndi oksijeni wa mumpweya. Pamenepo pamatuluka magetsi ndi madzi. Kumbuyo kumangodontha madzi, utsi mulibe.

Yatsopanoyi ili ndi maselo 330, mota ya 134 kW yozunguza matayala akumbuyo, ndi matanki atatu onyamula makilogalamu 5.6 a hayidrojeni wopanikizidwa pa mphamvu ya 700 bar. Kudzaza kumatenga mphindi pafupifupi zisanu, ndipo pa muyeso wa ku Ulaya imayenda makilomita 650. Pamenepa yachita bwino, ndipo poyenda ili zii.

Nanga mukadzaza kuti? Ku Limbe, Ginnery Corner, ngakhale Malawi yense, kulibe pampu ya hayidrojeni. Kudzipangira si masewera. Kilogalamu imodzi yochokera m'madzi imafuna magetsi oposa 50 kWh, kotero kudzaza kamodzi ndi pafupifupi mayunitsi 300 a Escom. Ukatero uyenera kumupanikiza ndi kumuziziritsa mpaka madigiri 40 pansi pa ziro asanalowe m'thanki, chifukwa amatentha podzaza mwachangu. Ndi kuthimathima kwathu kuja, makina otero angamangokhala.

Amakaniko nawonso asamale. Madzi oziziritsa stack ndi apadera, osadutsa magetsi. Mukathira a pampopi, monga tazolowera kuchita ndi radiyeta, magetsi amphamvu amayamba kudutsa m'madzimo ndipo kompyuta ikhoza kuzimitsa galimoto. Fumbi la mu Okutobala limatseka fyuluta ya mpweya msanga, pomwe stack imafuna mpweya woyera kwambiri. Galimotoyi ndi yotsikanso, yatsopanoyi ndi mamilimita 150 okha kuchokera pansi, ndiye m'misewu ya makumbi ya ku Machinjiri kapena Bangwe imakhula pansi.

China chimene ogulitsa satchula: matanki ali ndi tsiku lothera ntchito, lolembedwa mkati mwa kachitseko ka pomwetsera. Ma Mirai oyambirira, otchipawo, akuyandikira tsikulo. Wofuna kupulumutsa mafuta ku Blantyre kuno angogula Aqua kapena Prius, zomwe zipangizo zake zimapezeka ku Limbe.