Kufala kwa nzeru m'mudzi: njira ya chimfine kapena ya mboni zingapo?

Pali njira ziwiri zowerengera pa kompyuta mmene nzeru yatsopano imafalira pakati pa anthu.

Yoyamba imaona uthenga ngati chimfine: munthu mmodzi akakuuzani, basi mwautenga. Yachiwiri, imene akatswiri ofufuza Damon Centola ndi Michael Macy anaifotokoza mu 2007, imati munthu sasintha mpaka anzake awiri kapena kuposerapo atamutsimikizira.

Kuphweka: yoyamba masamu ake ndi opepuka. Yachiwiri imafuna mudziwe bwinobwino amene amacheza ndi yani, khomo ndi khomo.

Ndalama: yachiwiri imadya zambiri, chifukwa kalembera woteroyo satha tsiku limodzi.

Poyambira: yoyamba imati mwazani alimi oyamba kuphunzitsidwa patalipatali. Yachiwiri imati asankheni amene amacheza ndi anthu amodzimodzi, kuti mlimi amve kawiri.

Zotsatira zake zinaoneka konkuno ku Malawi. Katswiri wa zachuma Lori Beaman ndi anzake anayesa izi m'midzi 200 pa ulimi wa chimanga wa m'maenje. Kumene alimi awiri oyamba anasankhidwa motsatira njira yachiwiri, ulimiwu unafala kuposa kumene alangizi anasankha okha. N'zomveka ndithu: ndani angakumbe maenje munda wonse chifukwa cha mawu a munthu mmodzi?

Ofalitsa tsiku la msonkhano kapena mtengo wa feteleza, yoyamba ikukwanirani. Ofuna anthu asinthe kalimidwe, pamene kulakwitsa n'kugona ndi njala, tengani yachiwiri.