Kiti ya mini quilt ija yafika ndipo ndasoka, nayi mmene ndaionera

Amene munkafunsa ngati n'koyenera kugula kiti ya mini quilt (quilt ndi chofunda cholumikiza tizidutswa ta nsalu, mini ndi kakang'ono kake) ija ndinaoda kwa mayi wina wa kashopu ka nsalu ku Cape Town, yankho ndi lakuti gulani, koma kamodzi basi, ndipo musamaganize kuti poti ndi kakang'ono ndiye mumaliza madzulo amodzi, ayi ndithu mudzalira nako.

Mu paketimo mumabwera mapepala osindikiza kale patani ya log cabin (timizere tozungulira kansalu ka pakati), mabuloko 16 a makona anayi, iliyonse mainchi 2 mbali zonse, ndiye ngati masentimita 5, timizere ta shweshwe (nsalu ya thonje ya timaluwa ya ku South Africa) ta buluu wakuda ndi towalirako, kansalu kofiira ka pakati, batting (chofewa choika pakati), nsalu yakumbuyo ndi pepala la malangizo. Buloko imodzi ili ndi tizidutswa 13, mukawerengera zonse ndi 208 tolowa pa kanthu koti bodala ikalowa sikafika ndi masentimita 30 omwe. Kamzere kalikonse kakasokedwa kamatsala mamilimita 6 mulifupi, eeh abale, zala zanga zonenepazi zinaona zakuda.

Tsono kukoma kwake kuli pomwepo. Pa quilt yaikulu ya pabedi ukaphonya milimita imodzi palibe amadziwa, ngakhale apongozi ofufuza aja sangaone, koma apa milimita imodzi pa 6 ndiye kuti kamzere kapindika ndipo buloko yonse ikuoneka yoledzera. Ku Festival of Quilts imene imachitika chaka ndi chaka ku malo achionetsero a NEC ku Birmingham ku England kuli gawo la timaquilt totere, ndipo mfundo yawo ndi yakuti ukakajambula chithunzi popanda choyerekezera pambali, munthu aziganiza kuti ndi quilt yaikulu yeniyeni. Ndiye si nkhani yongodula kansalu kakang'ono, chilichonse chichepe mofanana, maluwa a pansalu, msoko, ulusi, bodala, zonse. Ku Paducah ku Kentucky ku America, National Quilt Museum imasunga gulu lapadera la timini totere, anthu amachita kuyandikitsa nkhope kuti akhulupirire. Log cabin yo ndi patani yakale, inatchuka ku America cha m'ma 1860, kofiira ka pakati amati ndi moto wa m'nyumba, mbali imodzi ya buloko yowala ina yakuda, ndipo mmene mwatembenuzira mabuloko ndi mmene chithunzi chonse chisinthire, ine ndinangokhala pansi kumawazunguliza pa tebulo mpaka tiyi kuzizira.

Chimene ndayamikira kwambiri ndi kusankha nsalu, mayiyu amadziwa ntchito yake. Shweshwe yake ndi yeniyeni ya Three Cats, kumbuyo kuli chidindo cha amphaka atatu chija, ya Da Gama ku Eastern Cape, thonje lokhalokha, timaluwa ndi timadontho take tating'ono kwambiri moti ngakhale pa mamilimita 6 patani imaonekabe, komanso imabwera yolimba ndi sitachi ndiye podula siyenda yenda. Manambala a pa pepala nawo ali bhobho, mumayika nsalu kunsi kwa pepala, kusoka pamwamba potsata mzere, 1 kenako 2 kenako 3, kusita, kudula zotsalira, kupitiriza, ngakhale munthu woti sanasokepo quilt atha kutsatira bola akhale woti makina amawadziwa kale.

Koma zondinyansa zilipo. Pepala lake ndi la pulinta wamba lija, lokhuthala, pochotsa pamapeto limakoka ulusi ndipo m'makona mumatsalira tizinyenyeswa toti muzitola ndi tweezer usiku onse, mxii, pamtengo umenewu akanayika lopyapyala long'ambika msanga. Malangizo sanena kuti sitichi muichepetse ifike mamilimita 1.5, chonsecho ndi chimene chimaboola pepala kuti lichoke bwino. Sanenanso za msoko, apa ndiye ndinakwiya, anangolemba kota inchi ngati quilt yaikulu pomwe kamzere kakonso ndi kota inchi yomweyo, ndiye kumbuyo misoko imasanjikizana mpaka buloko kutupa ngati chitumbuwa, muzidula itsale theka lake, mamilimita 3, muona kusiyana. Batting anayikamo ndi yonenepa, yoyenera bulangete la mwana, ine ndinaichotsa n'kuikamo kaflanelo kopyapyala ndipo kanagona bwino pa khoma. Ulusi ndi singano mulibe, gulani nokha ulusi wa thonje wa nambala 50 kapena woonda kuposa apo ndi singano ya saizi 70, ya 90 ija timasokera madiresi imasiya mabowo oonekera patali.

Rotary cutter nayo mulibe ndipo sanalembe pa malonda paja kuti ikufunika. Sizasi imatheka koma mutopa. Kampeni kozungulira kameneka anayambitsa ndi a Olfa a ku Japan mu 1979, yambiri m'mashopu ndi ya 45mm koma pa timini tengani ya 28mm, imakhota bwino ndipo mumaona pomwe mukudula, osaiwala kutseka mukamaliza makamaka ngati pakhomo pali ana, ndi lezala imeneyo.

Ena munafunsa ngati chitenje chingalowe. Chingalowe koma sankhani, zitenje zathu zambiri maluwa ake ndi akuluakulu ndiye mukadula kamzere mumangopeza mtundu umodzi, duwa lonse lasowa, nthawi zina zimathandiza chifukwa chitenje chimodzi chimakupatsani mitundu inayi isanu yogwirizana kale. Cha poliyesita chosalala chija ayi, sichimvera simbi ndipo apa mukusita msoko uliwonse. Mukakhala kumudzi pitani kwa telala wa pamsika mupemphe zidutswa zimene amasesa madzulo, kajumbo kamodzi kakukwanirani timaquilt tambirimbiri.

Ndikupereka 7 pa 10. Musanayambe kusoka kafotokopeni mapepala a patani aja pa saizi yomweyo osachepetsa, yesani ndi rula kuti buloko ikadali mainchi 2, yachiwiri mudzasoka ndi zidutswa zanu osaodanso kiti ina.