Mmisiri wa mawotchi ku Limbe amene anandiunikira galamafoni ndisanagule

Mwezi watha ndinatsala pang'ono kulipira ndalama zambiri pa galamafoni ya lipenga imene mnyamata wina wogulitsa ziboliboli ndi zinthu zakale m'tauni ya Blantyre anandionetsa, ndipo chimene chinandibweza ndi ulendo wa ku Limbe, kwa bambo wina wachikulire amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza mawotchi a pakhoma ndi mawailesi akale. Pakhomo pa kashopu kawo sanalembepo kuti amaunika magalamafoni, koma anthu okonda kusunga zinthu zakale amawadziwa, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene ndinaionera ntchito yawo, pamene inandikhutiritsa ndi pamene inaperewera.

Agogo anga aamuna, monga amuna ambiri a nthawi yawo amene ankalembedwa ntchito ya m'migodi pamalo amene mpaka lero timati pa Wenela, anabwerako ku Joni ndi njinga, jasi ndi galamafoni, koma galamafoniyo inasowa ine ndisanadziwe kanthu. Choncho nditaona lipenga lonyezimira, bokosi la matabwa ofiirira ndi chithunzi cha galu wotchera khutu chokhala ndi mawu akuti His Master's Voice, ndinakopeka nthawi yomweyo. Wogulitsayo ankanenetsa kuti ndi ya m'chaka cha 1910. Anavomera kuti tipite nayo ku Limbe malinga ine ndilipire galimoto, ndipo ananyamulanso ina yooneka ngati sutikesi yakuda yoperepeseka m'makona, imene anati akhoza kundiwonjezera pa mtengo wochepa.

Bambowo sanathamangire kuiliza. Anaizungulira kaye mwakachetechete, kenaka anagwira chopukusira chake n'kundionetsa kuti chikulowa m'bokosi mopendekera, mchira wake utaloza m'mwamba. "Mayi, taonani apa," anatero, "injini iyi inabadwira m'sutikesi, m'bokosi muno ndi mlendo." Anafotokoza kuti magalamafoni ambiri onyamula m'manja ankakhala ndi chopukusira chopendekera n'cholinga choti dzanja lisamagunde tebulo popukusa, popeza bokosi lake ndi lalifupi, pamene a lipenga enieni chopukusira chimalowa mowongoka. Atatsegula mkati, injiniyo inalidi yakale ndi yadzimbiri, koma matabwa oizungulira anali atsopano, akununkhabe vanishi, ndipo anamangidwa ndi masikuluwu a mutu wa mtanda, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene magalamafoni a lipenga anali atachoka kale m'fashoni.

Anandigwiritsanso chigongono cholumikiza lipenga ndi mkono wonyamula singano. Pa galamafoni yeniyeni chimenechi chimapindika mosalala kuti mawu ayende bwino, koma apa panali mapaipi awiri odulidwa n'kuwotchereredwa pakona yakuthwa, chipsera cha mtovu chikuonekera. Lipenga lenilenilo linali lopyapyala moti linkabonyoka ndi chala chachikulu. Chithunzi cha galu nacho chinali chomata pamwamba pa vanishi, mizere yake yosaoneka bwino.

Malinga ndi iwo, magalamafoni oterewa amalumikizidwa ambirimbiri ku India pogwiritsa ntchito ziwalo za magalamafoni akufa, ndipo amagulitsidwa ngati zokongoletsera m'nyumba. Chimene chinandichititsa kuwakhulupirira n'chakuti sanaweruze mwachisawawa, chifukwa anawonjezera kuti si chilichonse chochokera ku India chimene chili chachinyengo, pakuti kampani ya Gramophone Company, mwini wake wa chizindikiro cha galu uja, inali ndi fakitale yakeyake ku Calcutta. Zimene ananena zikugwirizana ndi mbiri yodziwika. Kampaniyi inayamba ku London mu 1898 ndipo chaka chotsatira inagula chithunzi cha galu wotchedwa Nipper kwa wojambula Francis Barraud. Mu 1906 kampani ya Victor ya ku America inatulutsa Victrola, imene lipenga lake linabisidwa mkati mwa kabati, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 anthu ambiri ankafuna za mtundu wobisa lipengawu. Ichi n'chifukwa chake galamafoni ya lipenga yeniyeni ili yosowa ndi yodula, komanso n'chifukwa chake achinyengo amakonda kupanga imeneyo.

Ndinafunsa ngati ndingaigulebe kuti ndiziimbirako nyimbo, popeza inkalira ndithu. Anandiletsa ponena kuti mkono wake sunayezedwe bwino ndipo kamutu kogwira singano n'kouma, moti singano imakanda chimbale m'malo motsata mzere wake, ndipo chimbale chimene chapulumuka zaka makumi asanu ndi awiri chikhoza kutha m'masiku ochepa.

Nkhope yawo inasintha atatsegula sutikesi yakuda ija. Anachotsa mbale yozungulira imene chimbale chimakhalapo n'kundionetsa kachikwangwani kakang'ono pansi pake kokhala ndi nambala 102. Umenewu ndi mtundu wa His Master's Voice (HMV) umene unayamba kupangidwa mu 1931 ku fakitale ya ku Hayes, kufupi ndi London, ndipo unapitiriza kupangidwa mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kamutu ka singano kanali kolembedwa 5B, kamodzi mwa timitu timene mtundu umenewu unkatuluka nato. Anakazula n'kukayang'anitsitsa kumbuyo ndi galasi lawo la mawotchi, chifukwa mbali imeneyo inapangidwa ndi chitsulo chosakaniza chimene chikakalamba chimatupa ndi kung'aluka, ndipo chikang'aluka sichiwotchereka. Kanali kabwinobwino, kupatula mphira wa pamalo olumikizira amene anali atauma gwa.

Kuyesa injini ndi kumene ndinaona ukatswiri wa munthu wa mawotchi. Anapukusa pang'onopang'ono khutu lili pabokosi, akumvetsera ngati sipuling'i ikupulumuka, zimene zikanasonyeza kuti inaduka kapena inamasuka kumapeto. Kenaka anapanikiza kapepala pansi pa chimbale, anayang'ana wotchi yawo ya pamkono n'kuwerenga kuti kapepalako kadutsa kangati pa mphindi imodzi, ndipo anasuntha kachitsulo kowongolera liwiro mpaka chiwerengero chinafika 78, limene ndi liwiro loyenera la zimbale za galamafoni. Kupukusa kamodzi kunakwanitsa mbali yonse ya chimbale, pafupifupi mphindi zitatu, nyimbo osafooka kumapeto. Pakati pa nyimbo panamveka kugunda kawiri mkati, ndipo wogulitsa uja anachita tsinya, koma bambowo anati ndi girisi wakale amene wauma n'kumata sipuling'i, vuto lotheka kulikonza. Anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kutsegula ndekha chitini cha sipuling'iyo, popeza ikafwamphuka imatha kudula zala. Pomaliza anagogoda matabwa a pansi kufufuza ngati anafumbwa kapena kudyedwa ndi chiswe, chinthu chimene kwathu kuno chimawononga katundu wosungidwa kudenga kuposa dzimbiri.

Pa nkhani ya mtengo m'pamene ntchito yawo inandiperewera. Ananena zoona kuti 102 yakuda si yosowa, chifukwa inapangidwa yambiri kwa zaka zoposa makumi awiri, ndiponso kuti zofiira, zobiriwira ndi za buluu zimadula kuposa zakuda. Ananenanso kuti mtengo umatsika ngati chiwalo china chinasinthidwa ndi cha mtundu wina, ngakhale galamafoniyo ikulira bwino. Koma nditawapempha kuti atchule ndalama, anatchula chiwerengero chimene chinkaoneka kuti angochiganizira pomwepo, ndipo nditafunsa pamene chachokera anangoti ndi mmene akuonera. Ndinachita kufufuza ndekha pa eBay, tsamba la pa intaneti logulitsirana katundu, usiku womwewo, ndikuyang'ana mitengo imene magalamafoni otere anagulidwadi osati imene eni ake akuitanitsa, chifukwa ziwirizi zimatalikirana kwambiri. Ngakhale mitengo imeneyo siingatengedwe monga ilili, popeza wogula ku Blantyre ayenera kuchotserapo ndalama zoitanitsira singano ndi mphira kuchokera kunja. Bambowo salembanso chilichonse papepala, kotero amene akufuna umboni wosunga ayenera kupita ndi kope lake ndi kujambula zithunzi pa foni.

Kashopuko n'kopanikiza, mpando wa mlendo ndi umodzi, ndipo tinadikira nthawi yoposa ola kuti amalize kaye wotchi ya munthu wina. Ndalama imene anandilipiritsa pounika magalamafoni onse awiri inali yofanana ndi yokonzetsera wailesi, ndipo poyerekeza ndi imene ndikanataya, sindinaone chifukwa chonenerera. Singano zogulitsa analibe. Anandipatsa zisanu kuchokera m'kachitini kawo, n'kunenetsa kuti singano yachitsulo imaimba mbali imodzi yokha ya chimbale kenaka n'kutayidwa, chifukwa ikabuntha imayamba kudya chimbalecho. Anandiuzanso kuti zimbale za 78 zambiri zinapangidwa ndi utomoni wotchedwa shellac, moti zimasweka ngati mbale yadothi ndipo zimasungunuka zikapukutidwa ndi sipiriti, komanso kuti ndisadzaikepo zimbale zapulasitiki za m'zaka zapambuyo pake, popeza kamutu kake n'kolemera kwambiri moti kangazing'ambe ulendo umodzi.

Kwa munthu wofuna kudziwa ngati galamafoni ili yeniyeni ndiponso ngati injini yake ili ndi moyo, bambowa ndingawavomereze popanda kukayika, koma za mtengo apite atafufuza kale payekha. Wogulitsa uja anabwerera ndi lipenga lake ali wokhumudwa, ngakhale ndikukhulupirira kuti nayenso anachita kupusitsidwa ndi amene anamugulitsa. Sutikesi yakuda ndinaigula pa mtengo wosafika theka la umene ankafuna pa ya lipenga, ndipo ndinaisiya ku Limbe komweko kuti aitsuke girisi. Analonjeza masabata awiri, lero tili m'sabata yachinayi, ndipo dzulo pa foni anandiuza kuti sipuling'i aibwezeramo kale, chatsala ndi mphira wa kamutu kaja amene akudikira kuti mwana wawo abwere naye kuchokera ku Johannesburg.