Kaunjika wa pa Dedza boma: jombo za rugby zilipo, koma zinazo samalani

Amene mukufuna zida za rugby koma m'thumba muli mopepuka, mu msika wa pa Dedza boma muli benchi ina ya kaunjika ya bambo wina wogulitsa nsapato zamasewero, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe ndaonapo.

Jombo zake ndi zabwino, apa sindinama. Belo ikangotsegulidwa mumapeza Adidas, Canterbury, mwa apo ndi apo Mizuno, zina zovalidwa pang'ono chabe, ndipo mtengo wake ku shopu za ku Lilongwe simungaupeze. Koma iwowo zonse amangoti "za mpira" basi, kusankha ndi kwanu. Ngati mumasewera kutsogolo, anthu a sikiramu (pomwe osewera a matimu awiri amakolana n'kumakankhana polimbirana mpira), tengani ya ma stadi 8 chifukwa imagwira pansi mukamakankha, akumbuyo othamanga aja ya 6 imakwana. Itembenuzeni muione kunsi, malamulo a World Rugby, bungwe loyendetsa rugby padziko lonse, salola stadi yotalika kuposa 21mm, komanso ikadyeka mpaka kuthwa refa sakulolani kulowa nayo poti mutha kung'amba nayo mnzanu. Ine ndimayendetsa chala pa stadi iliyonse, ikangondikanda ndimaibweza pa benchi. Komanso magrawundi athu kuno mvula ikatha amauma gwa, ma stadi achitsulo aja mumawamva mpaka m'phazi, bola apulasitiki omatiriratu, achitsulowo sungirani dzinja.

Pomwe pavuta ndi pa zotetezera thupi. Ananditulutsira ma padi a m'mapewa a pulasitiki yolimba ngati chigoba cha kamba, ati "achimwene awa ndi orijino, ochokera ku America konko". Orijino inde koma ndi a American football kkk, ku rugby saloledwa olo pang'ono. Athu ndi ofewa, a siponji, osakhuthala kuposa 1cm, ovalira mkati mwa jezi. Mpira nawo chimodzimodzi, ukakhala wosongoka kwambiri kunsonga uli ndi zingwe zoyera pamimba, si wathu umenewo. Funani Gilbert, size 5 wa akuluakulu, ana size 4.

Chipewa cha sikiramu anali nacho chimodzi ndipo ndinagula. Chalembedwa IRB mkati, musadabwe mukaona zimenezo, limenelo ndi dzina lakale la World Rugby asanasinthe mu 2014, kungoti ndi chakalekale ndiye finyani siponji yake muone ngati ikubwerera. Chimateteza makutu kuti asatupe komanso mutu ku mabala, koma mukagundana mitu mwamphamvu ubongo umagwedezekabe, musamadzimve chitsulo poti mwavala chipewa.

Chomwe chinandinyansa ndi zotetezera mano. Zinali m'kabeseni pamodzi ndi zingwe za nsapato, zina zikuoneka ndithu mano a mwini wake woyamba, eti akugulitsa! Ayi abale, ichi chokha gulani chatsopano, tumani munthu ku Lilongwe kapena wochokera ku Joni. Mumachiviika kwa kanthawi kochepa m'madzi otentha, chikafewa n'kuluma kuti chitenge mano anuanu, ndiye cha wina sichingakukwaneni olo mutachichapa ndi Jik.

Bambowo ndi ochezeka, amalola kuyesa ndipo mtengo amatsitsa mukalimba. Kubweza katundu salola, ndiye pitani ndi sokosi zanu zosewerera muyese miyendo yonse iwiri, muyang'anenso saizi ya iliyonse payokha chifukwa m'belo zina zimasokonezeka.