Menyu yotsika ya Bootstrap 5 ndi yodalirika, koma ili ndi malire

Amene analembapo menyu yotsika m'masiku a Internet Explorer 6 akukumbukira mmene ntchitoyi inkasautsira, chifukwa bulawuza imeneyi inkamva lamulo la hover (loti chinthu chisinthe mausi ikadutsa pamwamba pake) pa malinki okha, moti munthu ankachita kuwonjezera khodi ya JavaScript kuti mndandanda utsike. Bootstrap (khodi yokonzedwa kale yothandiza popanga masamba a pa intaneti), imene Mark Otto ndi Jacob Thornton anaitulutsa mu 2011 akugwira ntchito ku Twitter, inachepetsa kwambiri mavuto oterewa, ndipo menyu yake ine ndimaikhulupirira.

Kuiika pa tsamba n'kosavuta. Mumalemba data-bs-toggle="dropdown" pa batani, n'kundandalika malinki pansi pake, kenako n'kulumikiza mafayilo a CSS ndi JavaScript. Kuyambira pa Bootstrap 5, imene inatuluka mu 2021, jQuery (khodi ina ya JavaScript imene Bootstrap inkadalira kale) safunikanso, ndipo menyuyi imatsika bwinobwino pa Chrome, Firefox, Safari ndi Edge.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri n'chakuti imatseguka munthu akadina, osati akangodutsitsapo mausi. Ena amadandaula nazo zimenezi, koma ine ndimaona kuti okonzawo anaganiza bwino, popeza pa foni palibe mausi ndipo chala chimangokhudza basi. Anasamaliranso ngakhale zinthu zing'onozing'ono. Pa iPhone, kukhudza pambali pa menyu pakokha sikukanaitseka chifukwa cha mmene iOS, pulogalamu yoyendetsa foniyi, imagwirira ntchito, choncho anaikamo kakhodi kapadera kamene kamayamba kugwira menyu ikatseguka n'kuchoka ikatsekeka. Nawonso ogwiritsa ntchito kiyibodi yokha sanaiwalidwe: mabatani a mivi amakweza ndi kutsitsa pamndandanda, pomwe batani la Esc limautseka, zomwe n'zofunika zedi kwa munthu amene sangathe kugwira mausi.

Pofooka pake ndi pa timenyu tam'kati. Kuyambira pa Bootstrap 3 ya mu 2013, menyu yotuluka m'kati mwa inzake anaichotsa, kotero kuti amene tsamba lake lili ndi magawo ambirimbiri, monga la sitolo yaikulu, ayenera kudzilembera yekha khodi ndi kuiyesa pa bulawuza iliyonse. Internet Explorer nayo anaisiya kotheratu mu Bootstrap 5. Komanso ngati chimene mukufuna ndi menyu imodzi yokha, kulowetsa Bootstrap yonse n'kulemetsa tsamba pachabe, makamaka kwa owerenga amene intaneti yawo imayenda pang'onopang'ono. Pamenepo ndi bwino kutengako gawo la menyu lokhalo n'kusiya zina zonse.