Powerengera Kunja kwa Koleji: Tiyirumu Kapena Kalasi ya Pulayimale?

Mayeso akayandikira, ku hositelo sikuwerengeka. Ophunzira a kuno ku Dedza, kaya a zauphunzitsi ku St Joseph's ku Bembeke kaya a zankhalango ku Chongoni, amayamba kusaka pobisala ndi mabuku.

Tiyirumu imakopa ndi soketi komanso kutentha kwa moto. Mu June ndi July chisanu cha kuno chimaumitsa zala mpaka cholembera kukanika kugwira, ndiye kapu ya tiyi wamkaka pambali pa notsi si nkhani yamasewera. Foni nayo imatchajidwa. Koma wailesi sizima, makasitomala amakangana za mpira, ndipo tiyi akatha mwiniwake amayamba kupukuta tebulo lako lomwelo mobwerezabwereza. Uthenga wake ngomveka: gulanso sikono, apo ayi nyamuka.

Kalasi ya pulayimale ana akaweruka ili zii. Ukapempha mwaulemu kwa ahedi sulipira kanthu, ndipo bolodi lonse ndi lako. Apa ndiye pagona phindu, makamaka kwa a zauphunzitsi: umaima kutsogolo ndi choko, anzako atatu n'kusanduka ana a Sitandade 4, akukufunsa mafunso okupinga dala. Zomwe sunamvetse zimaonekera pomwepo. Kuipa kwake, madesiki ngaafupi moti mawondo amagunda, mphepo ya m'phiri imalowera m'mawindo, ndipo popanda magetsi mdima umakuthamangitsa 6 koloko isanakwane.

Ine ndimasankha kalasi, nditavala majuzi awiri. Tiyirumu ndimaisungira tsiku lomwe asayimenti ikufuna intaneti pomwe foni yatha moto.