Rekoda yojambulira maphunziro ku koleji: Sony ICD-PX470 ndi zinzake

Wophunzira amene akufuna kujambula zimene aphunzitsi akunena m'kalasi safunika chipangizo cha oimba. Akufunika kanthu koti kakhale pa desiki maola awiri kapena atatu osazima, kagwire mawu a munthu mmodzi amene waima chapatali, ndipo madzulo fayilo ilowe mu laputopu popanda kusakasaka chingwe. Pa zitatu zimenezi, Sony ICD-PX470 ndi imene imayenerera ndalama za wophunzira kuposa zinzake, ngakhale ili ndi zofooka zake.

Ndi karekoda kolowa m'thumba la malaya. Kali ndi maikolofoni awiri kumutu, memori ya m'kati ya 4GB, ndi polowetsa khadi ya microSD. Pulagi ya USB ili m'thupi mwake momwemo: mumangokankha kabatani, iyo n'kutuluka, n'kuilowetsa mu kompyuta ngati fulashi. Kali ndi mabowo awiri a 3.5mm, lina la mahedifoni, lina la maikolofoni yapadera. Kamayendera mabatire awiri a AAA, ndipo a Sony amati mabatire a alkaline amajambula maola pafupifupi 55 pa MP3 ya 128kbps (kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa data imene fayilo imasunga pa sekondi iliyonse ya mawu). Ngakhale mutachotsapo maola angapo chifukwa chomvetsera zomwe mwajambula, mabatire awiriwo amakutulutsani sabata yonse ya maphunziro.

Nkhani ya mabatireyi si yaing'ono kwa munthu wogona ku hostelo kumene magetsi atha kuzima usiku wonse. Sony ICD-UX570, yomwe ndi yopyapyala komanso yokwererapo mtengo, ili ndi batire ya m'kati yotchaja pa USB. Ubwino wake ndi wakuti kutchaja kwa mphindi zitatu kumapatsa ola lathunthu lojambula, koma ikadzaza imangokwana maola 20 ndi pang'ono, ndipo batireyo ikakalamba pakapita zaka simungaichotse nokha. Ya AAA ikatha mphamvu pakati pa tsiku, mumangosintha n'kupitiriza. Chenjerani ndi mabatire otchipa a zinc-carbon omwe amadzaza m'magolosale. Amatha msanga, ndipo akasiyidwa m'kati pa holide amatulutsa ufa woyera umene umadya tizitsulo togwira batire. Yang'anani mawu akuti alkaline pa paketi, ndipo sukulu ikatsekedwa muziwachotsa.

Koma chimene chimapha zojambula zambiri si rekoda ayi, ndi mtunda. Mtunda wa pakati pa pakamwa pa mphunzitsi ndi maikolofoni ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ofika mwachindunji imatsika ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Amene wakhala mamita 8 kuchokera kutsogolo akulandira mawu otsika ndi ma decibel 12 poyerekeza ndi mnzake wa pa mamita 2. Phokoso la m'holo silitsika nawo: kutsokomola, kukhwekhwereza mipando, fani ya kudenga, ndi mawu obwerera kuchokera ku makoma a simenti. Khutu la munthu limatha kusankha mawu amodzi pakati pa zonsezi, koma maikolofoni imangomeza chilichonse. N'chifukwa chake zomwe munkamva bwinobwino muli m'kalasi zimamveka ngati munthu akulankhulira mu mgolo mukamamvetsera kuchipinda. Mvula ikayamba kugunda malata, amene ali kumbuyo sapulumutsa kanthu, kaya rekoda yake ndi yodula motani.

Choncho khalani m'mizere iwiri kapena itatu yoyambirira, kapena pemphani aphunzitsi kuti rekoda ikhale pa tebulo lawo. Kupemphako n'kofunika ngakhale mutaisunga pa desiki yanu, chifukwa mawuwo ndi awo, ndipo makoleji ena ali ndi malamulo pa zojambula m'kalasi. Ngati holo ili ndi zokuzira mawu, khalani pafupi ndi sipika osati pafupi ndi mphunzitsi. Maikolofoni aloze kumene kukuchokera mawu. Musaigoneke pa thabwa penipeni: pindani kampango kanayi n'kuisanjika pamenepo, chifukwa desiki imanyamula kugogoda kulikonse kwa cholembera n'kukufikitsa ku maikolofoni ngati ng'oma. M'chikwama kapena m'thumba la malaya musayese n'komwe, mudzangomva nsalu ikukhuzana. Foni ikhale kutali nayo, poti ikamalumikizana ndi netiweki imalowetsa kulira kwa "dididi" m'zojambula.

Tsopano zosankha za mu menyu, pomwe ambiri amalakwitsa poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino. PX470 imajambula mu MP3 komanso mu LPCM ya 44.1kHz/16-bit, njira yojambula mawu osawapanikiza, yomwe imatuluka ngati fayilo ya WAV. Ola limodzi la WAV limadya pafupifupi 635MB, kutanthauza kuti memori ya m'kati imadzaza pasanathe maola 6. Ola lomwelo pa MP3 ya 128kbps ndi pafupifupi 58MB, ndipo memori imakwana maola oyandikira 60. Pa mawu a munthu wolankhula m'holo, khutu silingasiyanitse ziwirizi. MP3 ya 192kbps imadya 86MB pa ola osawonjezera chomveka. Ya 48kbps imasunga malo kwambiri, 22MB yokha pa ola, koma zilembo monga s, f ndi t zimayamba kufanana, zomwe zimasokoneza pa mayina a mankhwala kapena mawu ovuta a sayansi. Siyani pa 128kbps. MP3 ili ndi ubwino winanso: batire ikathera pakati, gawo lomwe linalembedwa kale kawirikawiri limaseweka, pamene WAV yosatsekedwa bwino imatha kukana kutseguka.

Rekodayi ili ndi njira ziwiri zoyendetsera maikolofoni, Focus ndi Wide. M'kalasi sankhani Focus, yomwe imatsamira ku mawu ochokera kutsogolo. Wide ndi ya zokambirana za pagulu mutazungulira tebulo. Yatsani Low Cut, sefa yodula mawu a pansi kwambiri monga kunjenjemera kwa jenereta ndi fani, mawu a munthu osakhudzidwa kwenikweni. Mphamvu ya maikolofoni ikhale pa High ngati muli patali, koma dziwani kuti pamenepo pamabwera kaphokoso ka "sss" kosalekeza. Rekoda ikakhala pa tebulo la mphunzitsi, Medium ndi yokwanira ndipo mawu amayera bwino kwambiri.

VOR muizimitse. Imeneyi imaimitsa kujambula pakakhala chete n'kuyambiranso ikamva mawu, ndipo pa bokosi imaoneka ngati nzeru. M'kalasi imadya chiyambi cha chiganizo nthawi iliyonse mphunzitsi akatembenuka kuchokera pa bolodi, ndipo akalankhula motsitsa imatha kudumpha chiganizo chonse.

Batani limene limaposa ena onse pa ntchito ya wophunzira ndi T-MARK. Mphunzitsi akayamba mutu watsopano, kapena akanena kuti "ichi chidzabwera pa mayeso", dinani kamodzi, ndipo rekoda imaika chizindikiro pamalopo. Pomvetsera mumadumpha kuchoka pa chizindikiro kufika pa china m'malo mofufuza maola awiri. Lembaninso m'mphepete mwa kope nthawi imene ikuoneka pa sikirini, mwachitsanzo 47:10, pafupi ndi mfundoyo. Palinso DPC yochedwetsa kapena kufulumizitsa mawu popanda kuwasandutsa a kamwana, yothandiza kwambiri pa mphunzitsi wothamanga Chingerezi. Konzani tsiku ndi nthawi musanayambe kugwiritsa ntchito, chifukwa mayina a mafayilo amatengera pamenepo, ndipo wotchi ikalakwika mudzasowa kuti kalasi ya Lachiwiri ndi iti.

Zofooka zake nazi. Sikirini yake ilibe nyali, moti m'holo mukazimitsidwa magetsi kuti aonetse pulojekita, kuwerenga kumavuta. Kasipika kake n'kongotsimikizira kuti mwajambuladi. Pophunzira pamafunika mahedifoni. Pulagi yake ndi USB yaikulu yakale ija, ndiye wa laputopu ya USB-C yokha, kapena wofuna kusamutsira mafayilo mu foni, agule kolumikizira ka OTG.

Yopikisana nayo kwenikweni ndi Olympus WS-853. Ili ndi 8GB, kamwendo koimikira pa desiki, ndipo imatchaja mabatire ake a AAA a NiMH (mtundu wotchajika) kudzera pa USB, chinthu chabwino zedi. Imajambula MP3 yokha, zomwe si vuto m'kalasi. Mukaipeza pa mtengo wofanana ndi Sony, simunalakwe kuitenga. Zoom H1n ndi nkhani ina. Mawu ake ndi oyera kuposa zonsezi, mpaka 96kHz/24-bit, koma ilibe memori ya m'kati, mabatire amatha pa maola pafupifupi 10, ndipo imamva ngakhale chala chikangokhudza thupi lake. Ndi yabwino kwa wophunzira utolankhani kapena nyimbo amene adzaigwiritsanso ntchito kunja kwa kalasi. Kwa wongofuna manotsi ndi kuwononga ndalama.

Nanga foni? Mukakhala mzere woyamba m'kalasi yaing'ono imagwira ntchito, bola muiike pa airplane mode kuti munthu akaimba asadule kujambula. Vuto lake ndi lakuti inapangidwira pakamwa pomwe pali pafupi, ndipo mafoni ambiri amayesa mawu akutali ngati phokoso n'kuwapondereza. Timarekoda topanda dzina tooneka ngati cholembera, tolembedwa 1536kbps pa bokosi, tisiyeni. Nambalayo imangonena kukula kwa fayilo, pomwe maikolofoni yake ndi yofooka.

Mukamagula, lowetsani mabatire mu shopu momwemo, imani masitepe asanu kuchokera pa rekoda, lankhulani bwinobwino kwa theka la mphindi, kenako mvetserani pa mahedifoni mbali zonse ziwiri. Khadi ya microSD ya 16GB kapena 32GB ndi yokwanira, koma makhadi achinyengo ndi ochuluka: amalembedwa 32GB pomwe m'kati muli malo ochepa, ndipo malowo akadzaza mafayilo amawonongeka mwakachetechete. Idzazeni kaye ndi mafayilo pa kompyuta n'kuona ngati onse akutseguka, kenako ichiteni format (kufufuta zonse n'kuikonza kuti iyambe ntchito) mu rekoda momwemo osati pa kompyuta. Kalasi ikayamba ndipo kanyali kofiira kayaka, kankhani HOLD, yomwe imatseka mabatani onse, kuti chigongono chisadine batani loimitsa, koma muziichotsa kaye mukafuna kudina T-MARK.